Kubwerera kukatenga mwana amene munali: kupoletsa mabala a paubwana pang'onopang'ono

Abwana angokweza mawu pang'ono, inu m'mimba mwazizira kale, kukamwa kwauma, mwayamba kupepesa musanadziwe n'komwe chimene mwalakwa. Kapena mwana wanu watayira tiyi pamkeka, ndipo musanaganize kanthu mbama yagwera kale patsaya lake, mawu otuluka pakamwa panu ali omwe aja ankakunenani bambo anu. Usiku mumalumbira kuti simudzateronso. Isanathe sabata mwateronso.

Ambiri timayesa kuthana nazo, koma timagwera m'maenje omwewomwewo. Ena timadziuza kuti zakale zinapita, tingolimba mtima. Ena timaumiriza mtima kukhululuka pa usiku umodzi wa mapemphero, n'kudabwa kuti kwacha mkwiyo ukadalipo. Ena, titamva pa Facebook kapena pa TikTok za "mwana wamkati", timakhala pansi n'kufukula chinthu choopsa kwambiri chimene chinatichitikira, kulira mpaka tambala woyamba, kenako kuchita mantha osabwererakonso.

Mwana wamkati si mzimu kapena chiwanda. Ndi dzina chabe la zimene mtima ndi thupi lanu zinaphunzira muli wamng'ono: mantha, manyazi, kubisala, kusangalatsa aliyense kuti musamenyedwe. Ndipo tilipo ambiri. Kafukufuku wa nkhanza kwa ana amene anachitika m'Malawi mu 2013 anapeza kuti anyamata awiri mwa atatu alionse, ndi atsikana awiri mwa asanu alionse, anachitidwapo nkhanza zomenyedwa asanafike zaka 18. Onjezanipo amene anaika makolo m'manda m'zaka za m'ma 1990, ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004, n'kugawidwa kwa achibale pamodzi ndi mbale ndi mipando. Onjezaninso amene anaona njala ya 2002 ali ku pulayimale, ndi amene bambo awo anapita ku Joni n'kutchona.

Ine ndinakulira kwa achibale mayi atamwalira. Ndinali nditadutsa zaka 30 pamene ndinazindikira chifukwa chimene ndinkadyera nsima mothamanga, ngakhale m'nyumba mwanga momwe, pa ufa wogula ndekha. Njira ili m'munsiyi ndiyo inandithandiza. Ndi ntchito ya masabata angapo, chifukwa mwana amene anazolowera kunamizidwa amakhulupirira munthu amene wabwera lero n'kubweranso mawa panthawi yomweyo.

## Zofunika kukhala nazo

- Kope latsopano, la ntchito imeneyi yokha. Musalembemo ngongole kapena za banki m'khonde. Ngati m'nyumba muli anthu okonda kutsegula zinthu za ena, pezani pobisa musanalembe liwu loyamba. Ngati kulemba kumakuvutani, jambulani mawu anu pafoni yokhala ndi nambala yachinsinsi.
- Bolopeni ndi pensulo. Bolopeni ndi ya inu wamkulu, pensulo ndi ya mwanayo.
- Alamu ya pafoni yotchera mphindi 20.
- Chithunzi chanu cha paubwana. Ambiri a ife tilibe, chifukwa wojambula ankafika m'mudzi kamodzi pachaka ndipo ndalama kunalibe. Musadandaule. Tengani kanthu kokukumbutsani nthawi imeneyo: chitenje chakale, mpira wachikulunga, kagalimoto ka mawaya, miyala ya phada.
- Madzi akumwa ndi chofunda.
- Malo oti palibe angakusokonezeni: kuchipinda ana atapita kusukulu, kudimba, ngakhale m'tchalitchi kapena mumzikiti nthawi imene mulibe anthu.
- Munthu mmodzi wosunga chinsinsi amene akudziwa kuti mwayamba ntchitoyi. Sakufunika kukhala dokotala. Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, kumene agogo aakazi ophunzitsidwa kumvetsera amakhala pabenchi pafupi ndi chipatala n'kumathandiza anthu olemedwa ndi maganizo. Mukufuna munthu wamakutu otero, wosafulumira kulangiza, wosakanena kumsika.

## Gawo 1: Onani ngati ino ndi nthawi yochita zimenezi nokha

Pali mabala amene munthu satsuka ali yekha. Musapitirire ndi magawo enawa popanda katswiri ngati mukuganiza zodzipha kapena kudzivulaza, ngati munagwiriridwa muli mwana ndipo simunalandirepo thandizo, ngati mukukhalabe nyumba imodzi ndi munthu wokumenyani, ngati mumamva mawu amene ena sakuwamva, ngati simugona popanda mowa kapena chamba, kapena ngati maliro angochoka kumene pakhomo panu.

Pitani kuchipatala chachikulu cha m'boma lanu mukafunse namwino woona za matenda a maganizo. Ku Zomba kuli Zomba Mental Hospital, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli a St John of God, ndipo ku Lusaka kuli chipatala cha Chainama. Ngati nkhanza zikuchitika panopa, kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. M'Malawi mungaimbenso 5600 pa nkhanza za m'banja, kapena 116 ngati wozunzidwayo ndi mwana. Ku Zambia nambala zake ndi 933 ndi 116.

Chenjezo: ambiri amadumpha gawoli poopa kunenedwa kuti apenga. Anthu ochuluka amene amakaonana ndi anamwino amenewa ndi aphunzitsi, alimi, a bizinesi, amayi oyamwitsa. Amabwerako n'kupitiriza ntchito zawo.

## Gawo 2: Phunzirani kutuluka musanalowe

Wokumba chitsime amayamba wamangirira chingwe kumtengo asanatsike. Chingwe chanu ndi ichi, ndipo muchiyeserere kawiri patsiku kwa masiku 7, pamene mtima uli m'malo.

Khalani pansi, mapazi agunde dothi kapena simenti. Tchulani mokweza zinthu 5 zimene mukuziona, 4 zimene mukuzikhudza, 3 zimene makutu akumva, 2 zimene mphuno ikumva. Imwani madzi pang'ono muwamve kukoma kwake. Kenako kokani mpweya mukuwerenga mpaka 4, muutulutse pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6. Bwerezani ka 10. Kutulutsa mpweya motalikirapo ndiko kumachepetsa kugunda kwa mtima. Malizani ndi kunena dzina lanu, zaka zanu, tsiku la lero ndi malo amene muli: "Ndili ndi zaka 36, lero ndi Lachiwiri, ndili kuchipinda kwanga, chitseko ndatseka ndekha."

Chenjezo: zimaoneka zachibwana ndipo mudzafuna kuthamangira kutsogolo. Musatero. Mantha akadzakugwirani pakati pa Gawo 5, mutu sudzakumbuka zimene munangowerenga. Thupi lidzachita zokhazo zimene linazolowera.

## Gawo 3: Londani mapazi a mwanayo kwa masabata awiri

Musayambe ndi kukumbukira zakale. Yambani ndi zalero. Chizindikiro chakuti mwana uja wadzuka ndi mkwiyo, mantha kapena manyazi opitirira kukula kwa nkhani. Mnzanu sanayankhe uthenga wa pa WhatsApp kwa maola awiri, inu mwatsimikiza kale kuti wakutayani. Akazi anu afunsa kuti "ndalama ija yapita kuti?", inu mwatuluka m'nyumba osalankhula masiku atatu.

Madzulo alionse lembani ndi bolopeni mayankho a mafunso anayi awa, mizere iwiri kapena itatu yokha:

1. Chachitika n'chiyani?
2. Thupi lachita bwanji? Pakhosi pathina, manja anjenjemera, m'mimba mwapota, tulo tabwera mwadzidzidzi?
3. Ndi mawu ati amveka m'mutu? Alembeni mmene amvekera: "ndiwe mbuli", "tonthola ndingakuwonjezere", "mwamuna salira", "tinakutola ndife".
4. Panthawi imeneyo ndinadzimva ngati wa zaka zingati?

Funso lachinayi limadabwitsa. Musaliganizire kwambiri, lembani nambala yoyamba kubwera. Pakutha pa masabata awiri mudzaona kuti nambala imodzi kapena ziwiri zikubwerezabwereza, ndipo mawu amodzi akumveka kawirikawiri kuposa ena. Ameneyo ndiye mwana woyamba kukamuona.

Funso la thupi musalinyoze. Pakati pa 1995 ndi 1997, madokotala a ku San Diego ku America anafunsa anthu oposa 17,000 za ubwana wawo, ndipo anapeza kuti amene anakumana ndi zowawa zambiri ali ana ankadwala kwambiri matenda a mtima ndi a maganizo, ndiponso kumwa mowa mwauchidakwa, atakula. Choncho mutu kapena m'mimba mukamapweteka kawirikawiri, kayezetseni kuchipatala, ndipo mulembenso m'kope kuti kunachitika chiyani tsiku limenelo.

## Gawo 4: Sankhani nkhani yaing'ono

Lembani mitu chabe ya zinthu 5 kapena 6 zimene mukukumbukira pa msinkhu uja. Mitu yokha, osafotokoza. Chilichonse chipatseni nambala kuyambira 0, kutanthauza kuti sichikupwetekani, mpaka 10, kutanthauza kuti simungachipirire. Sankhani chimene chili pa 3 kapena 4: tsiku limene munabwezedwa kusukulu chifukwa cha yunifolomu yong'ambika, tsiku limene ana a eni nyumba anagulidwa nsapato za Khirisimasi inu osagulidwa.

Chenjezo: apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Mtima umati "tiyambe ndi chachikulucho tithane nacho". Za pa 7 kupita m'mwamba zisiyeni kaye. Zina mwa izo mudzazitsegula pamodzi ndi katswiri.

## Gawo 5: Kagogodeni, nenani odi

Tcherani alamu mphindi 20. Ikani chithunzi kapena kanthu kanu kaja patsogolo panu. Chitani kupuma kwa Gawo 2 katatu. Maso mungatseke, koma ngati mdima ukukuopsani yang'anani pansi.

Ganizirani malo amene mwanayo ankakhala: pakhonde, kuseri kwa nkhokwe, pansi pa mtengo wa mango, pabenchi yakumbuyo m'kalasi. Inu mufike monga mmene mulili lero, ndi msinkhu wanu ndi zovala zanu za lero. Imani chapatali munene odi, monga mungachitire pakhomo pa munthu wolemekezeka. Mwana ameneyu akulu ankamulowera osagogoda, kumunyamula osamufunsa, kumusamutsa osamuuza. Inu muyambe mosiyana.

Njutani kuti maso anu afanane ndi ake. Muitaneni ndi dzina limene ankaitanidwa ndi munthu womukonda, mwina limene agogo anamupatsa. Ngati panalibe lotero, "mwanawe" ndi lokwanira. Muyang'aneni: wavala chiyani, mapazi ali bwanji, manja wagwira chiyani. Tsiku loyamba musamufunse zambiri. Ingonenani kuti, "Ndine iwe, koma ndakula. Ndabwera kudzakuona. Ndikhala pano pang'ono."

Mwina adzakufulatirani. Mwina simudzaona nkhope, mudzangomva kulemera pachifuwa. Ena saona chithunzi chilichonse m'maganizo, ndipo si vuto: lankhulani ndi chitenje kapena mpira uli patsogolo panuwo. Kwa ine masiku anayi oyamba kunali zii, ndipo ndinatsala pang'ono kusiya. Tsiku lachisanu ndinangoona mapazi okha, ong'aluka ndi chisanu cha mu Juni, ndipo misozi inatsika yokha.

Chenjezo: inu mukhale mlendo wamkulu amene wabwera kudzaona mwana. Mukayamba kuona zinthu ndi maso a mwanayo, chipinda chikukula, thupi likunjenjemera, kapena mukumva ngati simuli m'thupi mwanu, lekani pomwepo. Tsegulani maso, gwirani chingwe cha Gawo 2, tulukani panja. Kulekeza panjira kotere ndiko kuteteza mwana kumene tikunenaku.

## Gawo 6: Chezani pogwiritsa ntchito manja awiri

Mukafika poti mwanayo sakuthawani, yambani kucheza m'kope. Funso lembani ndi bolopeni ndi dzanja limene mumalembera nthawi zonse. Yankho lembani ndi pensulo ndi dzanja linalo. Palibe zamatsenga apa. Dzanja losazolowera limalemba mochedwa, zilembo zokhotakhota, ndipo simupeza mpata wokometsera mawu. Zimene zimatuluka zimakhala zazifupi, zosabisa.

Kucheza kwake kumayenda motere:

*Mwanawe, wakhala pati lero?*
Kuseri kwa nkhokwe.
*Ukutani kumeneko?*
Ndikudikira amalize kudya.
*Iwe wadya?*
Ayi. Mbuzi imodzi yasowa. Akuti sindidya.
*Ukuopa chiyani?*
Andibweza. Ndilibe kopita.
*Ndamva. Uli ndi zaka 8. Mbuzi zonsezi si za mwana mmodzi kuweta yekha. Mwana samanidwa nsima chifukwa cha mbuzi. Ine ndili ndi nyumba tsopano, ndipo palibe wokubweza.*

Onani kuti wamkuluyo akufunsa mafunso aafupi ndipo akuyamba wanena "ndamva" asanayankhe. Mafunso othandiza ndi awa: ukuopa chiyani, ukufuna chiyani, ndani amene umalakalaka akanabwera, ukufuna ndikuchitire chiyani lero. Pewani funso lakuti "chifukwa chiyani". Kwa mwana wa kwathu kuno, "chifukwa chiyani wachita zimenezi?" ndi mawu amene ankabwera chikoti chisanagwe.

Alamu ikalira, lekani, ngakhale nkhani ili pakati. Katswiri wa zamaganizo wa ku America, James Pennebaker, kuyambira m'zaka za m'ma 1980 wakhala akulembetsa anthu zowawa zawo kwa mphindi 15 mpaka 20 patsiku, masiku atatu kapena anayi. Ambiri amamva kulemedwa akangomaliza kulemba, kupepuka n'kubwera pambuyo pake. Choncho mukamva chisoni kwa ola limodzi kapena awiri musadabwe. Koma chikakutsatirani mpaka mawa lake, tulo osabwera, ntchito osagwirika, ndiye kuti mwasankha nkhani yolemera. Pumulani masiku atatu n'kubwerera pa yaing'ono.

Katatu pasabata n'kokwanira.

Chenjezo: nthawi zina pensulo imatukwana: "Unali kuti nthawi yonseyi?" Musadziteteze ndipo musamudzudzule kuti alibe ulemu. Yankhani kuti, "Ukunena zoona, ndachedwa. Pepa."

## Gawo 7: Bwezerani katundu kwa eni ake

Bwererani ku mawu aja munalemba pa Gawo 3. Tengani tsamba latsopano muligawe patatu. Kumanzere lembani mawuwo. Pakati lembani amene ankawanena. Kumanja lembani zoona zake, monga mungauzire mwana wa mnansi wanu.

"Ndiwe mbuli." Ankanena ndi aphunzitsi a Sitandade 3. Zoona zake: m'kalasi munali ana oposa 100, ndinkapita kusukulu wosadya, ndipo pabolodi sindinkaona bwino.

"Ndiwe wosayamika." Ankanena ndi azakhali. Zoona zake: ndinali mwana wolira mayi ake.

Gawoli ndi lofunika chifukwa mwana sangathe kuganiza kuti akulu omusunga ndi olakwa, poti moyo wake uli m'manja mwawo. Ndiye amasankha kukhulupirira kuti woipa ndi iyeyo. Chikhulupiriro chimenechi chinamuthandiza kupirira, koma inu mwachisenza mpaka lero. Werengani mokweza za kumanjazo, mukuyang'ana chithunzi. Musalembe zokometsa zimene mtima wanu sukuvomereza, monga "ndine wopambana pa onse". Mwana amazindikira bodza msanga.

## Gawo 8: Tsazikani bwino

Musangotseka kope n'kuthamangira kumoto. Muuzeni mwanayo tsiku limene mudzabwerenso: "Ndibwera Lachinayi m'mawa." M'maganizo mwanu musamusiye pamalo pamene munamupeza. Mutengereni pamalo abwino, kaya pakhonde la nyumba yanu ya lero, kaya kwa agogo amene ankamukonda, mumufunditse. Chitani za Gawo 2, sambani kumaso, imwani madzi, kenako gwirani ntchito ya manja: kusesa, kuthirira mbewu, kuchapa. Tumizani uthenga kwa munthu wanu uja ngakhale wa mawu awiri, "ndamaliza, ndilipo".

## Gawo 9: Lonjezo limodzi, laling'ono, losaphonya

Kucheza kokha sikukwanira. Mwana uja akuyang'ana zochita zanu. Sankhani chinthu chimodzi chogwirizana ndi chimene anamanidwa, chimene mungathe kuchita tsiku lililonse kwa masiku 30.

Ngati ankamanidwa chakudya, khalani pansi mudye mosathamanga kamodzi patsiku, ndipo musadikire kuti onse akhute inu n'kupala m'poto. Ngati ankagwira ntchito kuyambira mbandakucha mpaka usiku, pumulani mphindi 10 masana popanda kupepesa munthu. Ngati ankaletsedwa kulankhula, nenani maganizo anu kamodzi patsiku pa kanthu kakang'ono, ngakhale kungoti "ine ndiwo zimenezi sindizikonda". Ngati anali woyamba kubadwa amene anabereka azing'ono ake kumsana anzake akusewera fulaye ndi chipako, pezani mpata kamodzi pasabata wosewera: bawo, mpira, kuimba, kuumba ng'ombe zadongo ndi ana anu.

Chenjezo: musalonjeze zinthu zisanu. Mukaphwanya lonjezo, mwanayo amangoti ndi zomwe zija. Limodzi losungidwa limaposa ambiri oiwalika.

## Gawo 10: Zikakupezani pakati pa anthu

Pakatha mwezi mudzayamba kuzindikira mphindi imene mwana uja wadzuka. Zikatero gwirani pachifuwa kapena finyani chala chachikulu, tulutsani mpweya pang'onopang'ono, nenani chamumtima kuti, "Ndakuona. Izi ndiyankha ndine." Ngati n'kotheka pemphani kutuluka kaye: "Ndipatseni mphindi zisanu, ndibwera tikambirane." Ndipo mubwereredi.

Ndi ana anu, mudzalakwitsabe. Kusiyana kwake kuli pa zimene muchite pambuyo pake. Mtima ukatsika, pitani kwa mwanayo, njutani, munene kuti, "Mwana wanga, ndinakukalipira mopitirira. Tiyi uja anafunika kupukuta basi. Pepa." Ambiri a ife sitinamvepo wamkulu akupepesa mwana, ndipo lilime limalemera. Ulemu wanu suchepa. Mwana amene wapepesedwa saganizanso kuti iye ndiye woipa, ndipo katundu uja wa Gawo 7 samufikira.

## Nanga makolo ndi amene anatilera?

Apa ndi pamene mitima yambiri imamangika. Timaopa kuti kuvomereza kuti tinapwetekedwa ndi kunyoza amene anatibereka, kapena amene anatitenga pamene ena anatikana. Zinthu ziwiri zingakhale zoona nthawi imodzi. Azakhali anakulipirirani fizi pogulitsa mandasi, ndipo azakhali omwewo anakupwetekani ndi pakamwa pawo. Mungayamike choyambacho popanda kunamizira kuti chachiwiricho sichinachitike. Kwa owerenga Baibulo, kalata ya kwa Aefeso mutu 6, imene imalamula ana kulemekeza makolo, imachenjezanso atate pa vesi 4 kuti asakwiyitse ana awo.

Lembani kalata yonena zakukhosi zonse, ndipo musaitumize. Isungeni mwezi wathunthu, kenako muiwerengenso. Ambiri amapeza kuti kulembako kunakwanira. Ngati mukufunabe kukalankhula nawo, dzifunseni kaye: akakana, akati "unali mwana wovuta", ndidzapirira? Ngati yankho ndi ayi, nthawi sinakwane. Ngati mwakonzeka, pitani ndi munthu amene onse mumamulemekeza, kaya malume kaya ankhoswe, ndipo musasankhe tsiku la maliro, la ukwati kapena la chiliza.

Ngati anamwalira, kalatayo mungaiwerenge nokha pamalo achete. Ndipo ngati munthu amene anakuchitani nkhanza zogonana akadali pafupi ndi ana ena, nkhaniyo si ya m'kope mokha. Imbani 116.

## Zolakwa zimene zimachitika kawirikawiri

Kukakamiza kukumbukira. Ngati pali zaka zimene simukuzikumbukira, zisiyeni. Maganizo a munthu akaumirizidwa amatha kupanga zithunzi za zinthu zimene sizinachitike, ndipo mabanja amapasuka nazo. Chenjerani ndi aliyense, kaya mlangizi kaya mneneri, amene akukuuzani zimene "zinakuchitikirani" inu musanazinene. Gwirani ntchito ndi zimene mukuzidziwa kale.

Kuyerekeza mabala. "Ena anavutika kuposa ine, bola ine ndinkadya." N'kutheka. Koma mwana wa zaka 6 amene sanagwidwepo paphewa mwachikondi sankadziwa za enawo. Ankangodziwa kuti kukuzizira.

Kufulumira kukhululuka. Kukhululuka kumene kwabwera musanavomereze n'komwe kuti munalakwiridwa kuli ngati kumata bala lamafinya. Pempherani, ngati ndinu wopemphera, ndipo muuze Mulungu mkwiyo womwewo. Dziwaninso kuti kukhululukira munthu sikukukakamizani kumusiyira ana anu kapena kugona kunyumba kwake.

Kuchita ntchitoyi mutamwa, kapena pakati pa usiku. Mowa umatsegula chitseko n'kukulandani chingwe. Usiku nawo umakulitsa chilichonse. Sankhani m'mawa kapena masana.

Kuulutsa pa intaneti bala likadali laliwisi. Ndemanga imodzi yachipongwe, kapena wachibale mmodzi wojambula zimene mwalemba n'kutumiza kumudzi, angakubwezereni m'mbuyo miyezi ingapo. Uzani munthu wanu mmodzi uja kaye.

Kusandutsa mwanayo chozembera. "Ndinakutukwana chifukwa cha ubwana wanga" kumafotokoza chiyambi, koma mlandu wa lero ndi wa inu wamkulu. Akazi anu kapena amuna anu angakuperekezeni pa ulendowu, koma sangakhale mayi kapena bambo amene munasowa. Kulera mwana uja ndi ntchito yanu.

Kuyembekeza kuti zidzatheratu. Chipsera chimatsala. Chimene mudzaone ndi chakuti mkwiyo wa masiku atatu ukutha madzulo omwewo, kapena kuti mwakana pempho la wachibale popanda kudwala nazo. Lembani zoterezi kumapeto kwa kope, ndi deti lake, chifukwa tsiku loipa likafika mudzaiwala kuti zinachitikapo. Ngati patha miyezi itatu osaona kusintha kulikonse, kapena zinthu zikuipiraipira, tengani kopelo mupite nalo kwa katswiri wa Gawo 1.

Kusiyiratu chifukwa mwadumpha masiku. Kudzabwera matenda, maliro, nyengo yokolola, ndipo kope lidzagona m'sutikesi masabata atatu. Manyazi adzakuuzani kuti mwalephera monga mwa nthawi zonse. Tulutsani kopelo, tcherani alamu, lembani deti la lero, ndipo ndi bolopeni lembani kuti, "Odi. Ndinachedwa, koma ndabwera." Kenako tengani pensulo ndi dzanja linalo mudikire.